Zofinya za Kabatani

17 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Ife kuno tikudzuka, kupatula zomwe mukuzidziwa kale. Musadabwe kuti ndatenga cholembera ngati munthu wakale pamene foni ili m'thumba. Pafoni inu mumayankhula ngati munthu amene basi ikumuthawa, ndipo ine ndikangomva mawu anu ndimayamba kunena zokoma zokhazokha. Funso limene munandifunsa Lamulungu lija silingayankhidwe ndi mawu awiri. Munafuna kudziwa ngati dzanja la Bambo libwerere mwakale, kapena ngati shopu yawo yosokera ija tiibweze kwa mwini nyumba. Ndinakuuzani kuti mudikire pang'ono. Tsopano yankho ndili nalo, koma mundilole ndiyambire patali, chifukwa ndikangolitchula lokha muganiza kuti mlongo wanu wataya mtima msanga.

Chiwagwereni sitiroko ija, Bambo akukhala kwa ine, m'chipinda chakumapeto chija chimene zenera lake limayang'ana kumsewu. Mawu anabwerera, ngakhale amatuluka mokoka. Mwendo nawo ukuyesa, akumafika okha kubafa atagwira khoma. Koma dzanja lamanja, dzanja lomwe linatilera tonsefe, limangokhala pamwendo ngati golovesi yomwe munthu waiwala. Shopu ili chitsekere, makina anafundidwa nsalu. Mwini nyumba watilezera mtima kokwanira, koma pali wometa tsitsi wina amene akufuna chipinda cha shopuyo, ndipo tsiku lililonse akumasuzumira pazenera ngati wayamba kale kuyeza pokhoma magalasi ake.

Mayi wa mafizo kuchipatala anawapatsa kampira kofiira koti azikafinya m'mawa ndi madzulo. Inu mukuwadziwa bambo anu. Tsiku lina kampirako ndinakapeza kunsi kwa bedi, tsiku lina m'ndowa ya zinyalala, kenako ndinakaona m'kamwa mwa galu wa aneba. Nditawafunsa anangoti iwo si mwana ndiponso si galu kuti azisewera ndi mpira. Ndinawanyengerera, ndinawakalipira, ndinafika powaopseza kuti ndikuuzani inu, koma zonsezo zinali ngati kuthira madzi pamsana pa bakha. Ankangokhala pampando wawo, maso ali pamsewu, n'kumadya pang'ono pongofuna kuti ndiwachoke.

Apa ndi pomwe akulowera mwana wanga. Inu munamusiya akukwawa, koma pano ali pasukulu, mano akutsogolo anaguluka, ndipo pakamwa pake sipakhala ntchentche. Dzina loti Kabatani lomwe Bambo anamupatsa, chifukwa cha kuchepa kwake ndi kusowasowa kunsi kwa tebulo lodulira nsalu, linamukanirira mpaka aphunzitsi akumutchula lomwelo.

Mwezi wa Seputembala anabwera kuchokera kusukulu ndi misala yatsopano. Anzake anaona pafoni tizidole tofewa tofinya m'manja, amatitcha masikwishi, ndiye poti si aliyense angagule, anayamba kupanga okha ndi mapepala. Ife kunyumba tinangotitcha zofinya. Ndikufotokozereni kapangidwe kake, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Amatenga mapepala awiri. Kuntchito kwanga kushopu ya fotokope mapepala olakwika sasowa, ndiye gwero lake ndine. Kumbali yoyera amajambula chinthu, kaya buledi, kaya nsomba, kaya foni, n'kupaka makala amitundu. Akatero amamata selotepi mzere ndi mzere mpaka pepala lonse lizinyezimira, kuti lisang'ambike. Ndiye amadula mapepala awiriwo pamodzi, n'kumata m'mphepete monse kusiyako pakamwa. Pakamwapo amalowetsa majumbo oduladula mpaka chidole chitatupa, n'kutseka, koma amasiya kabowo kakang'ono kopumira. Ukachifinya chimati fuuu, ukachisiya chimadzuka pang'onopang'ono.

Achimwene, nyumba yanga inasanduka fakitale. Ndikafuna jumbo yopitira kumsika ndimapeza zonse zinaphedwa kalekale. Selotepi ndinkaipeza kunsi kwa nsapato, patsitsi, ngakhale pachivindikiro cha poto. Ndinkafuna kuletsa, koma ndinaona chinthu chimodzi. Kabatani ankagwira ntchito yakeyo pansi m'chipinda cha agogo ake, chifukwa ndi mmene mumawala bwino, ndipo maso a Bambo anachoka pamsewu. Munthu amene wadula nsalu moyo wake wonse sangapirire kuona wina akudula mokhota. Ndinkawaona milomo ikunjenjemera, nsidze zikukwera, ngati munthu amene akuonerera wophunzira kuyendetsa galimoto akulunjika ngalande. Tsiku lina ndikupukuta pansi pakhonde ndinamva akunena kuti, "Iwe, usadule pamzere. Siya mpata wa msoko."

Amenewo anali mawu oyamba chidwalireni amene sanali oyankha funso langa. Ndinakhala pansi ndi chikolopa m'manja, osafuna kupanga phokoso.

Kuyambira pamenepo anakhala bwana ndi wantchito wake, ngakhale sindikudziwa kuti bwana anali ndani. Kabatani anawapatsa udindo woyesa katundu. Chofinya chilichonse chisanapite kusukulu chinkayenera kudutsa m'manja mwa agogo, ndipo wina aliyense analetsedwa kukhudza, ine amene ndinkabweretsa mapepala ndi selotepi ndinauzidwa kuti ndidetsa katundu. Poyamba ankafinya ndi dzanja lamanzere. Kenako tsiku lina mwana anawalanda chidole n'kuwauza kuti dzanja limenelo likudziwa kale, alipatseko linzakelo. Ananyamula dzanja lamanja lija ndi timanja take tiwiri, n'kuliika pachivwende chapepala, n'kumapinda zala chimodzichimodzi. Ndikanachita zimenezo ine, msewu wonse ukanamva. Koma iwo anangomuyang'ana, kenako anayesa. Mitsempha inatuluka pachipumi, phewa linakwera, koma chivwende sichinasunthe. Anatembenukira kukhoma, ndipo madzulo amenewo mbale inabwerera kukhitchini momwe ndinaipititsira.

Ndinaganiza kuti zathera pomwepo. Koma kutacha mwana anabwera ndi nsomba yobiriwira, yamaso aakulu ngati yadabwa. Anaiika pansi pa dzanja lija, ndipo nsomba inalowa pang'ono pamimba. Kabatani anakuwa, ine ndinathamanga kuchokera kukhitchini ndi supuni m'manja. Masiku otsatira kunabwera keke, kunabwera sopo, kunabwera foni, ndipo chilichonse chinkafinyika kuposa chinzake. Mpaka tsiku lomwe buledi anaphwa yense pansi pa zala za Bambo, n'kumveka fuuu m'chipinda monse. Ndinavina, Achimwene, ndi thupi langali. Ndi tsiku lija ndinakuimbirani muli kuntchito, n'kukuuzani kuti dzanja likubwerera, ndipo inu munati mukupita kubafa kaye. Ndinadziwa kuti mukukalira.

Sindinalekere pomwepo. Ndinapita kwa mwini nyumba kukamuuza kuti wometa uja akafune kwina. Ndinatsegula shopu, ndinasesa, ndinachotsa akangaude, ndinathira mafuta makina. Jekete la mphunzitsi wina wopuma pantchito linali likadali pahang'ala, mkono umodzi uli ndi mapini, ndipo nditakumana naye pamsewu ndinamulonjeza kuti alivala posachedwa. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Sabata yatha linali tsiku lathu la kuchipatala. Ndinaika buledi uja m'chikwama kuti ndikadzitamire. Mayi wa mafizo ali ndi kachipangizo kake kachitsulo komwe wodwala amafinya, muvi wake n'kusonyeza mphamvu ya dzanja. Anawapatsa Bambo, anayang'ana muvi, anawapatsanso kachiwiri. Kenako anandiuza mofatsa kuti kusintha kulipo koma n'kochepa kwambiri. Ine ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti kachitsulo kakeko n'kowonongeka, ndipo ndinatulutsa buledi wanga n'kumuika pamwendo pa Bambo. Anafinya, buledi anaphwa. Ndinamuyang'ana mayiyo ngati ndawina mlandu.

Sanatsutse. Anapempha kuti aone chidolecho. Anachitsina ndi zala ziwiri, anachikweza kuzenera kuti chiwale, kenako anandipatsa. Kanali koyamba kuti ndifinye ndekha chofinya cha mwana wanga. Chinali chopepuka ngati envulopu yopanda kalata. Pakuwala kwa zenera ndinaona kuti m'kati muli kachidutswa kamodzi ka jumbo, kwina konse mpweya wokhawokha. Ngakhale khanda likanachifinya.

Mayiyo ndi munthu wabwino. Anati zikuoneka kuti kunyumba kuli wina amene amawakonda kwambiri agogo ake. Anati mafizo asasiye, kuti zala zisapindikiretu, ndipo mwina m'tsogolo adzagwira supuni kapena kapu. Koma za sizasi ndi singano anandiuza maso ndi maso kuti ndisaike mtima pamenepo. Bambo anali pomwepo, akuyang'ana kalendala ya pakhoma ngati nkhaniyo ndi ya munthu wina.

Pobwerera ndinali ndi manyazi, mkwiyo ndi chisoni, zonse pamodzi. Titafika ndinawagoneka, n'kutulutsa katoni yomwe Kabatani amasungiramo katundu wake. Ndinayala zofinya zonse patebulo monga zinabwerera. Chivwende choyamba chija chinali cholimba ngati pilo watsopano. Nsomba inali yofewerapo. Keke, sopo, foni, chilichonse chochepera chinzake m'mimba, mpaka buledi wanjala uja. Mwana wazaka zisanu ndi ziwiri anakhala akuchotsa majumbo pang'onopang'ono, mwanzeru zoti ngakhale wogulitsa makala wakuba sangafikepo, ndipo ine mayi ake wamkulu ndi mutu wangawu ndinavina.

Atabwera kusukulu ndinamuitana. Ataona tebulo anaima pakhomo, chikwama chikadali kumsana. Poyamba anati majumbo anatha m'nyumba. Ndinamuonetsa mulu wa majumbo oduladula omwe ndinaupeza kuseri kwa katoni. Anazyolika, chala chakuphazi chikukanda simenti. Ndinamufunsa ngati akudziwa kuti wandinamizitsa kwa amalume ake, kwa mwini nyumba, kwa adokotala, ndipo mawu anga anakwera kuposa mmene ndinkafunira. Anayamba kulira kosatulutsa mawu, kenako anati, "Agogo akalephera sadya."

Achimwene, mkwiyo wonse unandithera pomwepo. Kenako tinamva ndodo ikugogoda pansi kuchipinda. Ndi mmene Bambo amaitanira masiku ano.

Ndinalowa ndekha, ndikuganiza mmene ndingawafotokozere mosawapweteka. Sanandipatse mpata. Anandiuza kuti mwanayo ndimusiye. Anati iwo akhala akuika thonje m'mapewa a majekete ndi m'makushoni a anthu kuyambira ine ndisanabadwe, ndiye angalephere bwanji kudziwa chinthu chodzaza ndi chopanda kanthu. Anadziwa pa nsomba pomwe paja. Dzanja lilibe mphamvu, koma kumva limamva.

Ndinawafunsa kuti nanga bwanji sananene, bwanji anandisiya ndikusesa shopu ndi kulonjeza anthu majekete. Anasisita dzanja lodwalalo ndi linzake. Kenako anati, "Unkaimba kukhitchini. Chidwalireni ine ndinali ndisanakumve ukuimba."

Ndiye onani mmene zinalili m'nyumba muno. Mwana ankanamiza agogo ake kuti adye. Agogo ankanamizira kunamizidwa kuti mwana asakhumudwe ndiponso kuti ine ndiimbe. Wopusa weniweni anali mmodzi yekha, ndipo ndi amene akukulemberani kalatayi. Sindikudziwa ngati ndiyenera kuseka kapena kulira, ndiye ndakhala ndikuchita zonse ziwiri, nthawi zina pamakina a fotokope kasitomala akundiyang'ana.

Atatero anandituma kuti ndiitane wantchito wawo. Kabatani analowa maso ali psuu, akuyembekezera zoopsa. Bambo anavala nkhope ija ankavala akapeza wophunzira wasoka kolala mozondoka. Anamuuza kuti m'shopu mwawo sanaberepo kasitomala nsalu yam'kati ngakhale tsiku limodzi, ndipo sayambira pamdzukulu wawo. Katundu wopanda kanthu m'mimba ndi katundu wachinyengo, ngakhale atapakidwa makala okongola bwanji. Analamula kuti apange china pomwepo iwo akuona, chodzaza monga chiyenera kudzazira.

Kabatani anakhala pansi n'kujambula tomato, akufwenthera m'dzanja la yunifolomu. Anamata selotepi, anadula kusiya mpata wa msoko, anayamba kulowetsa majumbo. Akaika pang'ono ankakweza maso kuyang'ana agogo, iwo n'kugwedeza mutu kuti aonjezere. Analowetsa mpaka tomato anatupa bwinobwino. Bambo anamuyesa ndi dzanja lamanzere, anavomereza, kenako anamuika okha pansi pa lamanja. Mwana anafuna kuthandiza kupinda zala, iwo anamuletsa ndi maso. Anakoka mpweya, anayesa ndi mphamvu zawo zonse, mpaka mpando unalira. Atachotsa dzanja, pa tomato panali kadzenje kakang'ono ngati pomwe munthu wadina buledi ndi chala pofuna kudziwa ngati ndi walero. Tonse atatu tinakayang'ana mpaka kanadzadza.

"Pamenepa ndi pomwe tili," anatero Bambo. "Mwini nyumba ukamuuze kuti chipinda apatse wometa uja."

Kenako anafunsa ngati chakudya chapsa, ndipo anadya mbale yonse, akuyang'anitsitsa Kabatani kuti aone kuti akudya.

Yankho lanu ndi limenelo, Achimwene. Dzanja silibwerera kumakina. Zomwe ndinakuuzani pafoni mwezi watha muzifufute, ndipo mundikhululukire pokusangalatsani pachabe. Sindine ndaganiza zotseka shopu, ndi eni ake, ndipo ananena ali m'maganizo awo abwinobwino. Jekete la mphunzitsi uja ndinalipereka kwa telala wina, Bambo atandiuza mzere ndi mzere zoti ndikamuuze, kuphatikizapo kuti asalionongere mapewa monga amachitira. Tomato uja akumufinya m'mawa ndi madzulo popanda wowakumbutsa. Kadzenje kake sikanakule, koma sanamutayire galu.

Chatsala ndi makina. Ndinawauza kuti ndipeza anyamata a ngolo kuti akawanyamule pamodzi ndi tebulo lodulira. Anakana. Anati anthu aganyu amagwira pena paliponse, akathyola chopondera. Ndinati ndiye ndipempha aneba. Anati makina aja amalemera mbali ya wilo, ndipo amene amadziwa powagwira ndi inuyo, chifukwa ndinu amene munawathandiza kuwalowetsa m'shopu muja. Atanena zimenezo anaoneka ngati munthu amene mawu amupulumuka. Anatembenukira kuzenera n'kuyamba kudandaula za fumbi la mumsewu.

Ine ndikudziwa kuti makina osokera anganyamulidwe ndi amuna awiri alionse. Inunso mukudziwa. Ndikudziwanso kuti ulendo ndi wautali, tchuthi kuntchito kwanu sapereka ngati maswiti, ndipo ana ali pasukulu. Simunatitaye, zomwe mumatumiza zimafika ndipo zimathandiza, pamenepo palibe angakunenereni. Koma ichi sichingatumizidwe. Munthu akutseka chitseko chomwe wakhala akutsegula m'mawa uliwonse kuyambira inu muli mwana, ndipo sakufuna kuti pa tsiku limenelo pakhale alendo okhaokha ndi mwana wamkazi wolira. Pakamwa pawo sadzakupemphani, mpaka kalekale. Ndiye amene ndikupempha ndine. Mwini nyumba ndamuchonderera, wavomera kudikira mpaka kumapeto kwa mwezi wamawa.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti juzi lomwe anatumizira Bambo likuvalidwa ngakhale kunja kukutentha, ndipo Bambo analitembenuza kuona misoko n'kunena kuti wosokayo anayesetsa. Ana muwapsompsone m'malo mwanga. Kabatani akupereka moni kwa amalume ake omwe amawadziwa pachithunzi, ndipo akufunsa ngati kwanuko selotepi ndi yambiri.

Bambo ndawauza kuti ndikukulemberani, ndipo ndawafunsa choti ndiike m'kalatamu. Aganiza nthawi yaitali. Akuti ndikuuzeni kuti ali bwino, ndipo musavutike n'kubwera. Ndalemba monga anenera. Nditayamba kupinda pepala andifunsa kuti kodi kalata imatenga masiku angati kuti ifike kwanuko.

Makiyi a shopu ali ndi ine. Sindiwapereka mpaka nditamva kwa inu.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Make Kabatani